Dansi ya Usiku Wonse ku Dedza ndi ku Ntcheu: Yambani Mwaganiza za Pobwerera

Ife amene talemba izi ntchito yathu ndi ya usiku. Ena timanyamula masipika ndi kulumikiza mawaya, wina amaima pakhomo, wina amatsegula mabotolo kuseri kwa kauntala. Madansi akuluakulu a pa Dedza, pa Ntcheu ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 timawaona kuyambira holo ilibe munthu mpaka anyamata atasesa zitsekerero za mabotolo. Chimene tonse timagwirizana n'chakuti munthu savulala kawirikawiri ali pabwalo lovinira. Tsoka limamupeza pakati pa khomo la dansi ndi khomo la kwawo, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndalama zitatha, foni itathima, kunja kukuzizira. Ndiye pokonzekera, yambirani kumapeto.

Kuno sikuli ngati ku Bwandilo ku Area 47 ku Lilongwe kumene kumadzaza Lachisanu lililonse. Dansi yaikulu ya kuno ili ndi nyengo yake: kumapeto kwa mwezi ogwira ntchito m'boma akalandira, miyezi imene alimi agulitsa mbatatesi, nyemba ndi soya, tchuthi cha 6 July, Khirisimasi, usiku wolowera chaka chatsopano, kapena oimba otchuka akaima panjira pochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Malo ake amakhala holo, bwalo la loji lokhala ndi mpanda, kapena bala yaikulu imene yatulutsa matebulo. Anthu amachokera ku Linthipe, Chimbiya, Bembeke, Lizulu, Mlangeni, Tsangano, Kampepuza, ena tsidya la Mozambique. Onsewa amabwera kudakali kowala, pa minibasi. Minibasi ija usiku wa manda simudzaiona.

Njira zabwino zobwererera zilipo zitatu basi, ndipo imodzi mwa izo muisankhe musanatchene. Yoyamba ndi kugona pafupi, kwa m'bale kapena pa resitihausi imene mwalipiriratu masana, kiyi ali m'thumba. Musadalire kukafuna chipinda dansi itatha, chifukwa tsiku la dansi zipinda zimatha dzuwa lisanalowe ndipo mlonda akakuonani mukudzandira sakutsegulirani geti. Yachiwiri ndi kuchezera mpaka kuche, n'kukwera minibasi yoyamba. Iyi imafuna kuti mufunse pakhomo ngati malowo amatseka nthawi yanji, pakuti ena amazimitsa nyimbo 3 koloko n'kutulutsa anthu onse, ndiye mumapezeka mwakhala pakhonde la sitolo maola awiri mukunjenjemera. Yachitatu ndi galimoto yoyendetsedwa ndi munthu amene sanalawe mowa ngakhale pang'ono.

Pa yachitatuyi ndi pamene anthu amadzinamiza. Mnzanu akati "ine ndingomwa awiri okha", dziwani kuti woyendetsa mulibe. Lamulo la pamsewu la dziko lino limaika malire pa magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Bambo wolemera makilogalamu 70 amafika pamenepo ndi mabotolo atatu ang'onoang'ono akamwa motsatizana, mayi wa thupi lochepa ndi awiri. Koma maso ndi mapazi zimayamba kuchedwa munthu asanafike n'komwe pa malirewo. Ndipo msewu wake ndi uti? Kuchokera pa Dedza kudutsa pa Bembeke kukafika ku Lizulu kumagwa chifunga choti nyali za galimoto zimangowalitsa utsi woyera patsogolo, mzere wa pakati osaoneka. Mathiraki opita ndi kuchokera kuchipata cha m'malire cha Dedza amayenda usiku wonse, ndipo imodzi ikafa panjira chizindikiro chake nthawi zambiri chimangokhala nthambi za mitengo zoyalidwa pa tala. Woyendetsa amene wachezera, ngakhale sanamwe, tulo timamugwira pakati pa 3 ndi 5 koloko. Amene mumapita kukavina ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza, gonani komweko. Mtunda umenewo masana ndi waufupi, koma wapha anthu amene ankati tikagone kwathu.

Kabaza wa njinga yamoto timamuika payekha chifukwa ndi amene ambiri amathera pa iye. Ngati ndi choncho, akhale kabaza amene mumamudziwa masana, wa pa siteji yodziwika, amene mwagwirizana naye mtengo ndi nthawi musanalowe m'dansi. Mupatseni theka la ndalama, theka linalo akakufikitsani. Amene amadikirira pakhomo la dansi usiku ena mwa iwo amakhala alowamo kale kukamwa, ena njinga ndi yobwereka, nyali yakutsogolo ikuphethira. Mumununkhize poyankhula naye, si chipongwe. Pa njinga mukwere mmodzi, osati atatu kuphatikiza woyendetsa, ndipo munthu amene waledzera kwambiri asakwezedwe kumbuyo kwa njinga: amagona panjira, manja n'kumasuka. Dziwaninso kuti akabaza nawo amaopa usiku chifukwa achiwembu amawalanda njinga ponamizira kukwera, ndiye akakana kulowa nanu kanjira ka kumunda musamunene.

Tsopano chisanu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira kutsika madigiri 10. Ku Lizulu ndi ku Tsangano n'chimodzimodzi. M'kati mwa holo yodzaza mumatentha, malaya amanyowa ndi thukuta, ndiye munthu amatuluka ali chinyowere n'kukumana ndi mphepo ya kuphiri. Mowa umanamiza apa. Umatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha msanga. Woledzera amene wagona pa simenti kapena mu ngalande usiku wa mu July angathe kufa ndi chisanu chokha, osamenyedwa ndi munthu. Tengani jekete yeniyeni, imene simungadandaule itatayika, muimange m'chiuno povina. Achemwali, chitenje chopindidwa m'kachikwama chimagwira ntchito zambiri usiku umodzi: chofunda podikira, chokhalira, chophimba miyendo pa njinga. Nsapato zikhale zotseka zala, chifukwa pofika pakati pa usiku pansi pamakhala magalasi a mabotolo osweka, ndipo nsapato zazitali chidendene zimathyoka pa miyala ya panja.

Ndalama zigaweni patatu muli kunyumba: ya pakhomo, ya zakumwa ndi chakudya, ndi ya ulendo wobwerera. Yachitatuyo isakhale m'thumba limodzi ndi zinazo. Iikeni mu sokosi kapena m'kathumba ka m'kati, ndipo muiiwale. Tengani ndalama zing'onozing'ono, pakuti usiku ukakula pa kauntala chenje chimasowa, ndipo "mudzatenga pobwera" sichibwera. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma anthu mazana akaunjikana malo amodzi netiweki imalemera, uthenga wotsimikiza umachedwa, mkangano n'kuyambira pomwepo. Musalembe nambala yachinsinsi anthu akusuzumira paphewa. Wakuba wanzeru amayamba waona nambalayo, foni amadzaitenga pambuyo.

Foni ichoke kunyumba itadzaza moto. Imbani *#06# mulembe nambala ya IMEI, imene imazindikiritsa foni yanuyo, papepala limene litsale kunyumba, ndipo nambala ya m'bale mmodzi ndi ya kabaza wanu muzilembe pakapepala kena koyenda nako. Pali china chimene alendo sachidziwa: ku Lizulu, ku Biriwiri ndi kufupi ndi chipata cha Dedza, msewu umayenda m'malire enieni, ndipo foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambique monga Movitel kapena Vodacom. Ikatero mayunitsi amatha mosadziwika bwino, kapena kuimba kumakanika pa nthawi imene mukufuna thandizo. Lowani m'makonzedwe a foni musankhe nokha netiweki ya kwathu, isamadzisankhire. Tinenenso mongodutsa kuti m'malo amenewa kuwoloka msewu ndiye kuti mwalowa dziko la eni, la apolisi ake ndi malamulo ake. Masana anthu amawoloka pogula tomato osaganizako, koma usiku mutaledzera, mulibe chiphaso, Chipwitikizi simuchidziwa, khalani mbali ya kwanu.

Pa chikalata cha dansi akalemba kuti ziyamba 7 koloko, nthawi imeneyo ife timakhala tikuyesa masipika. Anthu amayamba kulowa cha m'ma 9, holo imadzaza pakati pa 11 ndi 12 koloko, ndipo pamenepo pakhomo pamakhala mpanipani umene opisa m'matumba amaukonda kuposa dansi yeniyeniyo. Kufika cha m'ma 10 ndi bwino. Tengani chiphaso cha unzika, chifukwa mowa saloledwa kugulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18 ndipo bawunsa akakayika nkhope yanu alibe njira ina yodziwira. Lipirani kwa amene wakhala patebulo la pakhomo, osati kwa mnyamata wa panja amene akuti akulowetsani motchipa. Akakudindani pamkono funsani ngati chidindocho chikulolani kutuluka ndi kulowanso, ndipo chisanyowe: inki imasungunuka ndi thukuta, ndiye chidindidwe m'kati mwa mkono pamene simupukutira nkhope. Pokusechani musakwiye. Bawunsa amene sakusecha inu sanasechenso amene wanyamula mpeni.

Mukalowa, musanayang'ane kauntala, yang'anani makomo. Ali angati? Lina lija la kumbuyo lili ndi loko? Eni dansi ambiri amakhoma makomo onse n'kusiya limodzi kuti anthu asalowe mozemba, ndipo ife tikuti chimenechi ndi chinthu choopsa kuposa china chilichonse m'holomo. Ndewu ikabuka kapena waya akayamba kufuka utsi, anthu onse amathamangira khomo limene analowera, akutsogolo amagwa, akumbuyo osadziwa n'kumakankhabe. Mukaona khomo lili limodzi, lopapatiza, lotsegukira m'kati, ndipo matikiti akugulitsidwabe anthu atadzaza kale mpaka simungathe kukweza mkono, tulukani mukavinire panja. Mukapezeka muli kale pakati pa chikhamu chokankhana, ikani manja pachifuwa ngati wankhonya kuti mupeze mpata wopumira, musawerame kutola chimene chagwa, ndipo yendani chammbali kulowera kumene kuli mpata m'malo molimbana ndi khamu. Gwirizananinso ndi anzanu malo okumanirana panja, monga pa chiwaya cha tchipisi chakutichakuti, chifukwa m'kati foni simuimva.

DJ wodziwa ntchito sayamba ndi moto. Kumayambiriro amaika zofatsa, rumba, nyimbo zakale za kwathu, kuti akuluakulu amene abwera msanga amve kukoma. Holo ikayamba kudzaza amalowa afrobeats ndi dancehall, kenako amapiano, amene kugunda kwake kumakhala cha pa 112 pa mphindi, osathamanga kwenikweni koma a bezi yolemera yogwedeza malata. Kuno kufupi ndi malire sangamalize usiku osaikako kizomba ndi zina za ku Mozambique, ndipo pa Ntcheu akangoika ya kayimbidwe ka ngoma mudzaona madoda amene anakhala phee usiku wonse akudzuka n'kuyamba kuponda pansi. Pachimake pamakhala pakati pa 12 ndi 2 koloko. Mukafuna kupempha nyimbo pitani msanga, lembani pafoni mumuonetse, musamukoke mkono kapena kuika botolo patebulo la zida. Mowa ukatayikira mu mikisa, makina osakanizira mawu, dansi yathera pomwepo kwa aliyense.

Za makutu tikhalapo pang'ono, chifukwa ndi chinthu chimene ife ogwira ntchitoyi tikulipira tsopano ndipo achinyamata sachiwerengera. Phokoso amaliyeza m'madesibelo. Pa 85 khutu limapirira maola 8. Mukangowonjezera atatu, nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, ndipo pofika pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2022 linalangiza kuti malo a zisangalalo asamapitirire 100, koma kutsogolo kwa mulu wa masipika m'holo ya malata kumaposa pamenepo. Choipa china n'chakuti phokoso limakwera usiku ukamapita. Makutu a DJ amatopa, iye amamva ngati nyimbo zatsika, ndiye amakweza. Patapita ola amakwezanso. Pofika 2 koloko timagetsi tofiira ta pa ampulifaya, makina okweza mawu, timangoyaka osazima, mawu amayamba kuthetheka ndi kulasa m'khutu, ndipo nthawi imeneyo masipika ang'onoang'ono a mawu opyapyala amapsa. Mukamva nyimbo zayamba kukanda choncho, si kuti zafika pokoma, zida zikulira.

Muyeso wosafuna makina ndi uwu: ngati mnzanu ali pa mtunda wa mkono umodzi ndipo mukuchita kukuwa kuti akumveni, phokosolo likuwononga. Musaime kutsogolo kwa sipika kapena kuitsamira, ngakhale bezi ikukoma m'chifuwa. Panja, mukatalikira kawiri mtunda umene munali, phokoso limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. M'holo limatsika pang'ono chifukwa makoma ndi denga zimabweza mawu, komabe pakati chakumbuyo, kufupi ndi pamene pakhala woyendetsa mikisa, ndi pamene nyimbo zimamveka bwino koposa, pakuti iye amazikonza kuti zikome pamene ali. Ola lililonse tulukani mphindi 10 makutu apume. Tizotsekera m'makutu ta siponji, timene amavala ogwira ntchito m'zigayo ndi m'mafakitale, timapezeka m'mahadiweya ena ndi m'mafamase a m'tauni ndipo sitidula. Kavalidwe kake: kafinyeni ndi zala kakhale kowonda, kokani khutu m'mwamba ndi dzanja la mbali inayo podutsitsa kumbuyo kwa mutu, kalowetseni, n'kukagwira ndi chala masekondi 30 kuti kafufume m'kati. Nyimbo mumazimvabe bwinobwino. Thonje kapena tishu zimachotsa phokoso lochepa kwambiri, ndipo tishu yonyowa imatsalira m'khutu.

Magetsi a ESCOM akathima pakati pa dansi pamakhala mphindi ziwiri kapena zisanu za mdima jenereta isanalire. Kuchedwako kuli ndi chifukwa: timayamba tazimitsa maampulifaya, jenereta ilire ikhazikike, ndiye n'kuyatsa zida chimodzichimodzi, maampulifaya pomalizira. Wopupuluma amaotcha zida zonse nthawi imodzi. Inu mphindi zimenezo imani pamene muli, dzanja limodzi pathumba la foni, lina pakamwa pa botolo lanu. Mafoni ambiri amene amabwera kudzalengezetsa kwa DJ amakhala atapita mumdima umenewu. Jenereta iyenera kukhala panja, kutali ndi mazenera. Mukaona aiika m'kachipinda kolumikizana ndi holo poopa akuba, ndipo anthu angapo ayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, tulukani: mpweya wake woipa ulibe fungo ndipo umapha. Nyengo ya mvula, pa dansi ya pabwalo, musavule nsapato ndipo musagwire zitsulo za steji, chifukwa mawaya olumikiza ndi tepi amakhala akudutsa m'matope.

Za mowa sitikuuzani kuti musamwe, ena a ife ndi umene umatidyetsa. Tingokupatsani masamu ake. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni, ndipo chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa pafupifupi magalamu 10 pa ola, cha ena osafika n'komwe. Ndiye botolo limodzi pa ola ndi kale mukuunjika pang'onopang'ono. Atatu pa ola, monga zimakhalira anthu akamagulirana maraundi, pofika 1 koloko miyendo si yanu. Raundi ndi msampha chifukwa gulu lonse limamwa pa liwiro la chidakwa chachikulu. Werengani kukula kwa botolo, osati chiwerengero chokha: mowa wina wochokera ku Mozambique monga 2M ndi Manica umabwera m'mabotolo opitirira theka la lita. Jini ndi burande zili cha pa 40 peresenti, ndipo toti wothira mnzanu ndi dzanja lake amakhala matoti awiri kapena atatu. Kusakaniza ndi zakumwa zopatsa mphamvu kumabisa tulo timene tikanakuchenjezani kuti mwakwana. Khofi, madzi ozizira kumutu, kuvina kwambiri, palibe chimene chimafulumizitsa chiwindi.

Idyani nsima musanachoke kunyumba. M'mimba mopanda kanthu mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri. Pakati pa usiku tchipisi ndi kanyenya za panja zimathandiza, ndipo mbatatesi za kuno ndi zabwino kuposa za kwina kulikonse, koma sankhani chiwaya chimene chili pamoto ndipo nyama ikuotchedwa mukuona. Imene yakhala pambali kuyambira madzulo n'kungoitenthetsa ndi imene imakutsegulani m'mimba mawa lake. Pakati pa mabotolo awiri aliwonse imwani botolo la madzi.

Botolo litsegulidwe pamaso panu. Mukapita kukavina kapena kuchimbudzi n'kulisiya patebulo, pobwera musalimwenso, ngakhale litatsala lodzaza. Izi si za amayi okha: abambo amene agulitsa mbewu tsiku lomwelo ndipo aonetsa mpukutu wa ndalama pa kauntala amathiriridwanso mankhwala ogonetsa. Chizindikiro chake ndi kuledzera kosagwirizana ndi zimene munthu wamwa, mabotolo awiri koma lilime lalemera, maso akutsekeka, miyendo yafooka mwadzidzidzi. Mnzanu akatero musamusiye ndi munthu amene wangodziwana naye usiku womwewo, ngakhale akuoneka waulemu chotani ndipo akuti "ndimuperekeza ndine". Munabwera limodzi, mubwerere limodzi. Mowa wa m'mabotolo opanda chizindikiro, wotchipa modabwitsa, umene amagulitsa kuseri kwa mpanda, usiyeni. Mu 2024 ku Blantyre anthu anafa atamwa mowa wotere. Poizoni wake sagwira nthawi yomweyo. Patapita maola 12 kapena kuposa munthu amayamba kuona mwachimbuuzi, m'mimba kupotokola, kupuma mothamanga. Zimenezo si matsire, thamangirani kuchipatala pamodzi ndi onse amene anamwa nawo.

Ndewu zambiri zimayamba ndi zinthu zitatu: kupondana, kutayirana mowa, ndi kuvina ndi munthu amene wabwera ndi wina. Ziwiri zoyambazo zimatha ndi "pepani achimwene" wonenedwa msanga, dzanja lili pachifuwa. Chachitatucho funsani musanagwire munthu m'chiuno, ndipo akakana, kapena akangochoka osayankha, nkhani yatha. Kumugulira munthu chakumwa sikugula china chilichonse. Ndewu ya ena musalowepo kukaleretsa, itanani mabawunsa, inu sunthirani kukhoma kutali ndi kumene mabotolo akuulukira. Wina akachekedwa, dindani pabalapo mwamphamvu ndi nsalu yoyera mphindi 10 osasuzumira, mkono kapena mwendo uli m'mwamba, ndipo galasi lalikulu likatsalira m'thupi musalizule. Amene wamenyedwa botolo m'mutu n'kuyamba kusanza, kusokoneza mawu kapena kuodzera, musati ndi mowa. Apite kuchipatala usiku womwewo.

Mnzanu akathima ndi mowa, apa ndi pamene anthu okondana amaphana mosadziwa. Amamugoneka chagada m'galimoto kapena pakhonde, n'kubwerera kukavina. Iye akasanza ali chagada masanziwo amalowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, bondo la pamwamba lopinda kuti asagubuduke, mutu wopendekera kumbuyo pang'ono, kamwa loloza pansi. Pansi pake payalidwe katoni kapena jekete, pamwamba mumufunditse. Musamuthire madzi, musamumwetse mkaka kapena china chilichonse ali chikomokere, musamulowetse chala kukhosi. Munthu mmodzi akhale naye osachoka. Ngati sakudzuka mukamutsina, akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi, akumaima kupuma masekondi 10, kapena milomo yasintha mtundu ndipo khungu lazizira, pezani galimoto mupite naye kuchipatala cha boma cha pa Dedza kapena cha pa Ntcheu. Manyazi oti makolo adziwa musawawerengere pamenepo. Kwa anamwino nenani zoona za chimene wamwa ndi kuchuluka kwake.

Potuluka mungakumane ndi apolisi oyendera. Kale kungopezeka panja usiku kunali kokwanira kugona m'chitokosi pa mlandu wa vakabu. Mu January 2017 khoti lalikulu linathetsa ndime ya lamulo imene inkagwiritsidwa ntchito kwambiri pomanga anthu motero, ndipo mu 2022 linagamulanso kuti kusesa anthu mwachisawawa m'malo omwera n'kosemphana ndi malamulo. Zimenezi sizikutanthauza kuti kuledzera mosokoneza ena, kumenyana kapena kupezeka ndi chamba zasiya kukhala milandu. Akakuimitsani imani, perekani ulemu, onetsani chiphaso ndi chidindo cha pamkono, nenani kumene mukupita. Musathawe ndipo musatukwane. Mukatengedwa muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere.

Kukacha pali zinthu zimene zili ndi nthawi yake yowerengeka. Ngati munagonana ndi munthu mosadziteteza, kondomu inang'ambika, kapena simukukumbuka bwino chimene chinachitika, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiko kumathandiza. Amamwedwa masiku 28 osadumphitsa, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Mapiritsi oletsa mimba a pangozi nawo amagwira bwino m'maola 72 omwewo. Dansi ikakhala ya Lachisanu, kudikira Lolemba ndi kudya gawo lalikulu la nthawiyo, ndiye pitani Loweruka lomwelo. Amene wagwiriridwa apite kuchipatala asanasambe ndipo zovala asachape, azikulunge m'pepala osati m'jumbo, atenge munthu amene amamukhulupirira. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona nkhani zotere.

Foni ikabedwa, chinthu choyamba si kulira nayo koma kutseketsa nambala. Bwerekani foni muimbire kampani yanu atseke simu ndi akaunti ya ndalama, chifukwa akuba amayamba ndi kutumiza mauthenga kwa abale anu onamizira kuti mwachita ngozi ndipo mukufuna ndalama msanga. Uzani abale awiri atatu afalitse kuti nambalayo ili m'manja mwa ena. Kenako tengani pepala lija la IMEI mupite nalo kupolisi, ndi chiphaso chanu kukabwezeretsa nambala. Sinthani mawu achinsinsi a Facebook ndi imelo, ndipo WhatsApp ikangolowetsedwa pa simu yatsopano imadzitseka yokha pa foni yobedwayo.

Makutu akamalira kapena kumveka ngati mwatsekeredwa thonje, nthawi zambiri zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, koma ndi chizindikiro chakuti timinyewa ta m'kati tavulala, ndipo timene tafa sitimeranso. Masiku amenewo musavale mahedifoni, musakhale pafupi ndi chigayo kapena sipika ya ku tchalitchi. Musathiremo mafuta ophikira kapena kutokosa ndi kamtengo ka machesi, vuto silili kunja kumene kamtengo kangafike. Kulirako kukapitirira sabata, kapena khutu limodzi likangogontha mwadzidzidzi, pitani kuchipatala msanga mukapemphe kuti akutumizeni kwa oona za makutu, chifukwa kugontha kwadzidzidzi kumachizika bwino m'masiku oyambirira okha.